Kalamba Komwe Ndinadula

Amuna anga anaphunzitsa jogirafe moyo wawo wonse. Ankadziwa mayina a nyanja zonse za padziko, ankadziwa mphepo yomwe imawomba mwezi uliwonse kumayiko omwe sanapondeko, ndipo akayamba kujambula ngalawa pa bolodi ana ankaiwala kuti belu lalira. Koma madzi enieni, onyowetsa aja, ankawaopa kuposa njoka. Ine ndinazidziwa chaka choyamba cha ukwati wathu, tikuphunzitsa limodzi pasukulu ina ya kwa Nkomeshya, pamene mtsinje wa Chongwe unadzaza ife tili tsidya lina. Madzi ankalekeza m'chiuno basi. Ine ndinawoloka nditasenza chikwama, iwo anawoloka atagwira chitenje changa ndi manja onse awiri, maso ali chitsinzinire, akutchula Mulungu m'Chingerezi. Titafika kumtunda anakonza tayi n'kunena kuti ankandigwira ine kuti ndisakokoloke. Ndinavomera, ndipo nkhaniyo inakhala ya ife awiri mpaka tonse tinamera imvi.

Atapuma pa ntchito ya uhedi tinakhazikika pa kamunda kathu pafupi ndi Chalimbana. Munthu amene anazolowera kuti akatsokomola sukulu yonse iti zii, tsopano anatsala ndi nkhuku ndi ine, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene ankaimirira iwo akamalowa. Ankadzuka, kuvala malaya osita bwino, kukakhala pampando pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Nyuzipepala imodzi ankaiwerenga sabata yathunthu. Ndinkawaseka, inde, chifukwa pakamwa panga sipatha kukhala chete, koma mumtima ndinkachita mantha. Ndinali nditaonapo ahedi angapo akupuma pa ntchito ali athanzi, n'kufota pampando ngati bonongwe wothyola dzulo.

Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina wosayankhulayankhula amene anagwira ntchito zaka zambiri m'maboti ku Kariba. Pobwerera kwawo anabwera ndi kaboti koyenda ndi mphepo, ka chinsalu chachitali chomwe eni ake amachitcha thanga. Anakaika pa damu la pafamu ina cha ku Silverest, komwe mwini famu ankamulola kumakayendetsa Loweruka lililonse. Tsiku lina titaweruka mapemphero, amuna anga anamupanikiza mkuluyo pakhomo la tchalitchi n'kumuphunzitsa za mphepo pafupifupi ola lathunthu. Tangoganizani, munthu amene anakalambira pamadzi akuuzidwa za mphepo ndi munthu amene anakalambira mu fumbi la choko. Mkulu wa boti anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ba Hedi, mphepo muidziwa pa pepala," anatero. "Bwerani ku damu muzaigwire na manja. Kusambira mudziwa?"

"Aa, ife tinakulira mumtsinje ku Katete," anayankha amuna anga, osaphethira n'komwe.

Ine ndinali pomwepo, nditapanira Baibulo m'khwapa. Ndinayang'ana nsapato zanga. Alangizi anandiuza kalekale kuti mkazi sachititsa mwamuna wake manyazi pagulu, ndipo pa malangizo onse omwe anandipatsa, ambiri ndinawataya m'njira, koma ili lokha ndiye ndinalisunga kudikira tsiku lolakwika. Komanso nkhope ya amuna anga inali itawala. Ndinali ndisanaione choncho chipumireni pa ntchito.

Mkulu wa boti analemba zofunika kumbuyo kwa envulopu. Zinali zochepa: nsapato za nsalu zopepuka, chipewa chokhala ndi chingwe, zovala zouma msanga, wezulo woitanira anthu zikavuta, ndi jekete yoyandamitsa munthu akagwera m'madzi. Pa jeketeyo anadula mzere kunsi.

"Iyi ndiye nkhani yonse," anatero. "Ikhale ya saizi yanu, yothina bwino, ndipo ikhale na kalamba kopita pakati pa miyendo. Zina zonse ni zokongoletsa chabe."

Ndinamva ndi makutu anga awa. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzandikhululukire poganiza kuti sindinauzidwe.

Titafika kunyumba, amuna anga anatenga cholembera chofiira n'kuichonga envulopu ija ngati chimangirizo cha mwana waulesi. Anati mkuluyo ndi munthu wabwino koma sukulu sanapite nayo patali. Woyendetsa ngalawa weniweni, iwo anatero, sangachoke padoko wopanda kampasi, wopanda magalasi oonera patali, wopanda chipewa choyera cha ukapitawo ndi jekete ya mabatani owala. Nsapato za nsalu anazifufuta. Munthu aliyense wa nzeru m'boma la Chongwe amadziwa kuti ntchito ya pamadzi imafuna magambuti, kaya ndi kudimba kaya ndi kudibi la ng'ombe, ndiye pa damu pasiyane chiyani? Ndinawafunsa kuti kampasi ndi ya chiyani pa damu lomwe munthu ukaima mbali ino umatha kuwerenga mbuzi za tsidya linalo. Anandiyankha kuti ine ndinkaphunzitsa zosoka ndi zophika, za panyanja ndiwasiyire eni ake.

Lachiwiri tinakwera minibasi kupita ku tauni, kumsika wa salaula. Kumeneko munthu ukhoza kupeza chilichonse chomwe azungu anatopa nacho, ngakhale zovala zotsetserekera pa chipale chofewa, bola ukhale ndi mphamvu yofukula. Amuna anga anapeza chipewa choyera chokhala ndi chizindikiro cha nangula, chopanda chingwe, ndipo anachivala pomwepo n'kuyenda nacho msika wonse. Anapeza jekete ya buluu ya mabatani agolide. Anapeza kampasi yomwe singano yake inkaloza kulikonse komwe mwini wake wayang'ana. Kenaka anapeza magalasi oonera patali, olemera ngati njerwa, okhala ndi lamba wachikopa wokoleka m'khosi, ndipo kuyambira pamenepo sanalinso munthu wolankhula naye. Anaima pakati pa njira akuyang'ana denga la nyumba zazitali, mawilibala akuwazemba.

"Amake mwana, jekete ija ya madzi kasankheni ndimwe," anatero osachotsa magalasi m'maso. "Za nsalu muzidziwa."

Ndinazipeza kwa mayi wina amene ankagulitsa matenti ndi zikwama zogonera kutchire. Zinalipo zitatu, zonse za mtundu wa lalanje wowala, zonse zili bwinobwino. Yaing'ono, yapakati, ndi ina yaikulu moti ikadakwana mwini butchala. Amuna anga ndi munthu wochepa thupi, mapewa ake ngati hang'ala ya waya. Dzanja langa linapita lokha pa yaikulu ija.

"Mami, mwasankha bwino," anatero wogulitsa. "Mutengo ni umodzi chabe, manje mutengelenji ing'ono? Ba dadi bakanenepa muzabwela futi kugula ina?"

Mayiyo ankayankhula za mumtima mwanga. Ine ndinalera ana anayi ndi yunifomu zopinda mikono ndi nsapato zofutsa nyuzipepala kutsogolo. Chovala cha saizi yeniyeni ya munthu kwa ine chinali kuwononga. "Akula nacho," ndiye anali mawu anga m'sitolo iliyonse, ndipo zovalazo zinkang'ambika ana asanakule nazo, koma sindinasiye. Tsono tsiku limenelo ndinaimirira mumsika, mphunzitsi wa zosoka wodziwa kugwira tepi, n'kugulira nkhalamba ya imvi jekete yoti ikule nayo. Ndinadziuzanso kuti akamwini athu akabwera kudzacheza adzabwerekako. Kuti aiyeze pomwepo sizikadatheka, chifukwa ahedi sayeza zovala pamsika.

Lachinayi amayi a kutchalitchi anasonkhana kwathu, poti inali nthawi yathu yolandira. Titamaliza mapemphero tikumwa tiyi pakhonde, chitseko chinatseguka ndipo amuna anga anatuluka atavala zonse. Magambuti kumapazi, jekete ya mabatani agolide mkati, jekete ya lalanje pamwamba itafika m'makutu, kampasi m'thumba, wezulo ndi magalasi m'khosi, chipewa choyera pamutu. Ankati angodutsa kukaona nkhuku, koma tonse tinadziwa kuti abwera kudzaonedwa. Amayi anaombera m'manja mwaulemu. Atatembenuka, kumbuyo kwawo kunkalendewera kalamba kakuda, kakugunda m'mawondo.

"Nanga mchira uwu ni wa chani?" anafunsa mayi wina woyimbitsa kwaya, amene pakamwa pake ndi panga tinachita kugawana.

Ndikadangoti sindikudziwa. Koma ine ndine mphunzitsi, ndipo mphunzitsi akafunsidwa amaonetsa. Ndinadzuka, ndinakagwira kalambako, ndinakadutsitsa pakati pa miyendo ya amuna anga n'kukakoloweka kutsogolo, kuti thwa.

"Mayo ine!" anakuwa woyimbitsa kwaya. "Ba Hedi abwerera ku thewera!"

Khonde lonse linagwa nacho chiseko. Wina anatsamwa ndi tiyi, wina anagwira chipilala. Ndipo amene anaseka kwambiri, mpaka misozi, ndinali ine. Amuna anga anaima kanthawi atamangidwa choncho, kenaka analowa m'nyumba akuyenda motang'adza, magambuti akulira.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala kale pansi pa mango, nyuzipepala ya sabata yatha ili pamwendo. Zovala zonse zinali zitapindidwa pabedi.

"Boti yawo akhale nayo," anatero osandiyang'ana. "Sinipita. Nakalamba ine kuti nizisekedwa na azimayi."

Ndinayang'ana mpando uja, womwe miyendo yake inali itakumba kale maenje anayi m'dothi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sizasi yanga yodulira nsalu, ndipo kalamba kaja ndinakadula pafupi penipeni ndi msoko, mwaukhondo, moti palibe akadadziwa kuti panali kanthu. Ndinadziuza kuti jekete ili ndi malamba ena awiri a pamimba, ndiye kachitatu n'kongowonjezera, monga azungu amachitira poika mabatani pomwe sipafunika. Ndinaitengera pansi pa mango n'kuwaonetsa. Anaitembenuza uku ndi uku, ndipo anapinda nyuzipepala. Kalambako sindinataye, ine sinditaya kanthu. Waya wotsekera khola la nkhuku anali atadyeka ndi dzimbiri, choncho ndinamangirira pamenepo, ndipo kanagwira ntchito bwino kwambiri.

Loweruka linafika ndi mphepo ya mwezi wa Ogasiti, ija youlutsa fumbi ndi mapepala a pulasitiki. Amayi anayi a kutchalitchi anatiperekeza, ati kudzatithandiza ndi pemphero. Kunena zoona anabwera kudzaona gawo lachiwiri la sewero. Damu linali lalitali kuposa mmene ndinkaganizira, madzi ake obiriwira, ng'ombe zikumwa kumapeto kwake. Kaboti kanali m'mphepete, thanga likupupuma.

Mkulu wa boti anawayang'ana amuna anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sanaseke. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

"Magambuti vulani, ba Hedi. Yakalowa madzi ni miyala iwiri kumapazi. Na jekete ya mabatani iyo vulani, ikanyowa ilema kupambana imwe."

Anakangana pang'ono, koma anavula, n'kutsala ndi masokosi. Amuna anga atatulutsa kampasi, mkuluyo anangoloza ndi chibwano. "Kumpoto ni kuja kuli mbuzi." Kampasi inabwera m'chikwama changa. Koma magalasi oonera patali anakana kwamtuwagalu. Anati amenewo achoka m'khosi mwawo iwo atafa, ndipo mkulu wa boti anawasiya.

Kenaka anafika pa jekete ya lalanje. Analowetsa zala pamapewa n'kuikweza, ndipo inakwera mosavuta mpaka kubisa makutu. Anakoka malamba a pamimba mpaka kumapeto, komabe munkatha kulowa mwana wa mbuzi. Anapapasa kumbuyo.

"Ikulu iyi. Nanga kalamba ka pansi kali kuti?"

"Inabwera tero," ndinayankha ine msangamsanga. "Mudziwa za salaula."

Bodza linatuluka losalala ngati ndinalisita. Mkuluyo anavula jekete yake, yakale, yosuluka, yokhala ndi kalamba kake, n'kuwapatsa amuna anga kuti asinthane. Amuna anga anayang'ana kalambako, anayang'ana amayi anayi aja atandanda pa udzu, woyimbitsa kwaya atagwira kale pakamwa. Anati ayi, yawo ili bwino.

"Chabwino, poti mwati kusambira mudziwa," anatero mkulu wa boti mokayika. "Tizayenda pafupi chabe. Koma mukhale pansi, osaimirira. Ndipo nikakamba kuti mutu pansi, mutu pansi, chifukwa mtengo uwu wa pansi pa thanga ukamatembenuka susankha hedi."

Apo panali pachiwiri pomwe ndikadatsegula pakamwa. Ine amene sindinasiyepo mawu m'kamwa pa nkhani ya mchere, ya tayi yopindika, ya kuliza mkonono, ndinakhala chete ngati mkwatibwi.

Ananyamuka. Ndivomere, zinali zokongola. Thanga linadzaza mphepo, kaboti kanapendekera mbali imodzi n'kuyamba kuthamanga popanda injini, popanda phokoso, madzi akung'ambika kutsogolo. Mkulu wa boti anawapatsa amuna anga chingwe cha thanga kuti agwire, ndipo ndinawamva akuseka kuchokera pamadzi, kuseka kwa pakhosi kuja komwe ndinakumva komaliza ana athu ali aang'ono. Mphepo yomwe anaijambula ndi mivi pa bolodi zaka zonse zija inali ikuwakoka manja. Ndinamva misozi ikubwera, ndipo ndinadziuza kuti ndinachita bwino kudula kalamba.

Anapita, anabwerera, anapitanso, ulendo uliwonse motalikirako pang'ono. Paulendo wachitatu, ali cha pakati, amuna anga anakumbukira kuti ali ndi magalasi oonera patali ndipo kumtunda kuli anthu oti awaone. Anasiya chingwe. Anaimirira, miyendo ili tang'a, anaika magalasi m'maso kuloza kwa ife, dzanja lina akutibayibitsa ngati pulezidenti. Amayi anayimba nthungululu. Ndinamva mkulu wa boti akukuwa kuti mutu pansi, mutu pansi. Mphepo inali itatembenuka. Mtengo uja unabwera kuchokera kumbuyo n'kuwamenya pamapewa, ndipo anagwera m'madzi chamutu, masokosi m'mwamba.

Amayi anaseka. Inenso ndinayamba kuseka, chifukwa jekete ya lalanje inatumphuka nthawi yomweyo monga inalonjezera. Koma inatumphuka yokha. Ndinaona manja awiri ataimikika m'mwamba mkati mwake, mutu mulibe, ndipo manjawo anatsetsereka n'kulowa pansi, monga mwana amachitira ukamamuvula juzi. Pamadzi panatsala jekete yaikulu, yatsopano, yopanda munthu, ikuyandama bwinobwino, ndi chipewa choyera pambali pake.

Kaboti kanali katapitirira, ndipo mkulu wa boti ankakatembenuza modekha, akuyang'ana pamadzi, kudikira kuti munthu wokulira mumtsinje ku Katete atulutse mutu. Sindikumbukira mmene ndinalowera m'madzi. Ndinangozindikira madziwo ali m'chifuwa, chitenje chikundikulunga miyendo, matope akumeza nsapato, ine ndikukuwa ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Sadziwa kusambira! Sadziwa! Ananama! Kalamba ninadula ndine! Sadziwa kusambira!"

Mkuluyo sanadikire kuti ndimalize. Anaponya jekete yake m'boti kuti athe kumira, n'kudumphira m'madzi. Anamira, anatuluka wopanda kanthu, anapuma, anamiranso. Kumbuyo kwanga amayi anali atasiya kuseka, wina akulira, woyimbitsa kwaya akutchula Yesu mobwerezabwereza. Ine ndinkangoyang'ana jekete ija. Sindinadanepo ndi chinthu chilichonse mmene ndinadanirana ndi jekete imeneyo, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti jeketeyo sinalakwe kanthu.

Atamira kachitatu, mkuluyo anatuluka akukoka chinthu. Madzi a damu ndi akuda, pansi sipaoneka, ndipo chomwe dzanja lake linakhudza mumdimamo chinali lamba wachikopa wa magalasi oonera patali. Chinthu chomwe ndinachinyoza kuyambira kumsika mpaka ku damu ndicho chinandibwezera amuna anga. Anawakokera pa jekete yoyandama ija, anaigwira ndi dzanja limodzi, ndipo pang'onopang'ono anafika nawo pomwe ine ndinaima. Tinawatulutsa awiri, wina mutu wina miyendo. Anali opepuka kwambiri.

Pa udzu anasanza madzi obiriwira, anatsokomola, anasanzanso. Milomo inali yotuwa. Atatsegula maso anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Chipewa changa." Palibe anaseka.

Mkulu wa boti anakhala pansi akupuma movutika, madzi akutsika mu ndevu. Nayenso si mnyamata. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikadakonda akadatero.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mukanakamba paja pa tchalitchi, sembe ninayamba kuwaphunzitsa kuyandama, osati kuyendetsa. Naine nalakwa, jekete ninaiona. Koma madzi sadziwa kuti uyu ni hedi, uyu ni mkazi waulemu."

Tinawatengera kuchipatala, anawapima m'chifuwa, anatibweza tsiku lomwelo. Kunyumba amuna anga sanandiyankhule masiku atatu. Ndinkaganiza kuti akwiyira sizasi. Tsiku lachinayi, ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, anayankhula akuyang'ana m'beseni.

"Kunali kofunika kulengeza pa anthu onse kuti sinidziwa kusambira?"

Ndinaika jagi pansi. Munthu uyu anali ataona pansi pa damu, ndipo chomwe chinkamupweteka chinali woyimbitsa kwaya.

"Mukanakonda nikalengeze pa maliro?" ndinawafunsa.

Anapukuta m'manja. Ine sindinapitirize, chifukwa mawu anga anandibaya ine ndemwe. Pamaliropo ndikadalengeza chiyani? Kuti ndinasunga ulemu wa amuna anga mpaka kumanda, ndipo khola la nkhuku likutsekeka bwino?

Anabwerera pansi pa mango. Sabata ziwiri ndinkawaona pawindo, ndipo mtima wanga unkakokera mbali ziwiri. Pampando paja sakadamira. Koma ndinali nditamva kuseka kuja pamadzi, ndipo ndinkadziwa kuti mpandowo nawonso umameza munthu, kungoti umachita mwakachetechete. M'mawa uliwonse potsegulira nkhuku ndinkagwira kalamba kakuda kaja.

Lachiwiri lina ndinawaikira malaya pabedi n'kuwauza kuti tikupita ku tauni. Anafunsa kuti kukatani. Ndinati akaona komweko. Mayi wa matenti anatizindikira, ndipo jekete yaing'ono ija inali ikadalipo.

"Mami, iyi izabathina ba dadi," anatero.

"Ndiye yamene nifuna," ndinayankha.

Ndinawaveka pomwepo, pakati pa msika, anthu akudutsa. Ndinakoka malamba a pamimba, ndinadutsitsa kalamba pakati pa miyendo, ndinapempha wogulitsa kuti aikweze pamapewa ndi mphamvu zake zonse. Amuna anga ananyamuka nayo limodzi mpaka kuima ndi zala, koma jekete sinasunthe. Anyamata a mawilibala anaimba mluzu. Ahedi anayang'ana kutsogolo ngati msilikali, makutu okha ndiwo ankaoneka kuti akumva. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kugula chovala chokwana munthu lero lomwe. Tinagulanso nsapato za nsalu ndi chipewa cha chingwe, chonyansa ngati cha mlonda.

Mkulu wa boti anatilandiranso, koma boti sanawalole kulikhudza. Maloweruka atatu amuna anga anagona chagada m'madzi ofika m'chiuno, kumbali komwe ng'ombe zimamwera, mkuluyo atawagwira kumsana, kuwaphunzitsa kuti jekete ikakugwira usalimbane nayo. Anawaphunzitsa kuliza wezulo ali m'madzi, ndi kukwera m'boti kuchokera m'madzi. Ng'ombe zinkaonerera. Amayi a kutchalitchi anabwera Loweruka loyamba, koma poona kuti palibe akumira anatopa.

Tsopano amapita Loweruka lililonse mphepo ikakhalapo, ndipo akuti ayamba kugwira chiwongolero. Magalasi oonera patali analowa madzi, saonanso kanthu, koma ali pakhoma m'chipinda chochezera ndipo ndimawapukuta fumbi ndekha. Kampasi akuseweretsa adzukulu. Jekete yaikulu ija ndinafuna kuisungira akamwini, kenaka ndinadzigwira, ndinaidula zidutswa n'kuitaya kuti wina asadzaikhulupirire.

Pali vuto limodzi lokha. Chigwereni m'madzi msana wawo suwalola kuwerama bwino, ndiye kalamba ka pansi sangathe kukafikira okha. Ine ndinasiya kugwadira amuna anga kalekale, ndinkati mawondo akupweteka, ndipo amayi a kutchalitchi ankandinena kumbali kuti sukulu inandiwononga. Tsopano Loweruka lililonse ndimagwada m'matope m'mphepete mwa damu, pamaso pa aliyense amene alipo. Tsiku lina woyimbitsa kwaya anadutsa n'kundiona, ndipo Lachinayi lotsatira anauza amayi achitsikana kuti atengere chitsanzo kwa ine, mkazi wodziwa ulemu ngakhale atakalamba. Sindinamutsutse.

Ndimadutsitsa kalamba, ndimakoloweka, ndimadikira kumva kuti thwa. Kenaka ndimakoka.

"Amake mwana, mwathinitsa," amadandaula nthawi zonse. "Nizapuma bwanji?"

"Pumani pang'ono chabe," ndimawayankha, ndipo ndimakokanso kachiwiri. Sindidzuka mpaka nditalowetsa chala pansi pa lamba n'kuona kuti chachiwiri sichingalowe.